Kumuyesa munthu chilombo: tizinena bwanji m'Chichewa?

Madamu_Dowa:
Ndithandizeni anzanga. Ndimaphunzitsa Fomu 3 kufupi ndi Dzaleka, ndipo ana ena m'kalasi mwanga makolo awo anathawa ku Rwanda. Lachinayi tinakumana ndi mawu a Chingerezi akuti dehumanisation, ine n'kumasulira kuti "kunyoza". Mtsikana wina anakweza mkono nati, "Madamu, agogo anga sananyozedwe chabe." Ndinasowa chonena, mpaka lero zikundisowetsa mtendere. Mawu ake enieni ndi ati?

Bambo_a_Chisomo:
Mwanayo wanena zoona, Madamu. Amene ukumunyoza umadziwabe kuti ndi munthu mnzako. Apa nkhani ndi yoti wasiya kumuwerengera ngati munthu. Ku Rwanda, wailesi ya RTLM inkatcha anthu a mtundu wa Atutsi inyenzi, ndiye kuti mphemvu, penanso inzoka, njoka. Mphemvu sailira maliro, amangoiponda. Mu 1994, m'masiku ngati 100 okha, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje, ndipo owapha nthawi zambiri anali oyandikana nawo nyumba. Mu 2003 khoti la United Nations la ku Arusha, ku Tanzania, linapeza olakwa Ferdinand Nahimana wa wailesiyo ndi Hassan Ngeze wa nyuzipepala ya Kangura, anthu amene chida chawo chinali mawu. Ine ndinganene kuti "kumuvula munthu umunthu".

Wa_ku_Joni:
Ndinali ku Alexandra, ku Joni, mu Meyi 2008. Dzina lonyozera alendo loti makwerekwere tinkalimva tsiku lililonse mu taxi, tinazolowera. Ziwawa zitabuka anaphedwa anthu opitirira 60. Amene anathyola chitseko changa ndinkamubwereka shuga.

Nachisale:
Pepani Bambo a Chisomo, "kuvula umunthu" ndikukayika nako. Kwathu tikati "alibe umunthu" timanena wochita nkhanzayo, osati wozunzidwa. Ana angasokonezeke. Bwanji "kusamuyesa munthu", kapena "kumusandutsa chinthu"? Chichewa chathu chimaziulula chokha: munthu timati "uyu", koma mtima ukaipa mumamva "ichi", "chimenechi chichoke pano". Mng'ono wanga ndi wachialubino. Zoti napweri anakula nazo, koma chimene chinamuliza kwambiri ndi tsiku lomwe anyamata pamsika anakuwa kuti "ndalama ikudutsa". Sanatuluke m'nyumba sabata yathunthu. Madamu, musathere ku Rwanda kokha, anawo amve ndi zakwathu kuno.

Madamu_Dowa:
Zikomo nonse. Lolemba ndilemba "uyu" ndi "ichi" pa bolodi, ndiyambire pamenepo. Mayi Nachisale, mungandilole kufotokoza za mng'ono wanu osatchula dzina? Mumufunse kaye mwini wake.