Vinyo sindimwa, ndikakana bwanji pa phwando la supra osawakhumudwitsa?

Abale amene munafikako ku Georgia, osati ya ku America ija koma ya Tbilisi, ndithandizeniko maganizo. Ndili kuno masiku 4 tsopano ndipo mayi amene ndikugona kwawo andiitanira kumudzi kwawo kuchigawo cha Kakheti Loweruka, kufupi ndi tauni ya Sighnaghi, akuti kukakhala supra, phwando lawo lija lomwe tamada, wotsogolera phwandolo, amayamba walankhula kaye onse asanakweze matambula. Vuto ndi loti ine zoledzeretsa sindilawa olo pang'ono, ndipo vinyoyo achimwene awo amapanga okha m'mitsuko yadothi yokwirira pansi, qvevri, ndiye ndikuopa kuti kukana kuoneka ngati ndanyoza thukuta lawo. Dzulo lomweli mayiwa anandiikira khinkali, timatumba taufa tokhala ndi nyama ndi msuzi mkati, mbale yodzadza nkundiphunzitsa kugwira pamfundo paja, kuluma pang'ono nkuyamba kumwa msuzi wa mkatimo, anaima pomwepo kundiyang'ana akumwetulira mpaka ndinadya 7, anthu oterewa kuwakhumudwitsa zingandipweteke kwambiri. Kodi ndikhoza kumangokweza tambula ya madzi kapena lemonade yawo yobiriwira ija, kapena ndiwauziretu lero lomwe? Nanga mphatso yoyenera ndi chani, mu chikwama ndatsala ndi tiyi wa ku Thyolo mapaketi awiri ndi botolo la Nali.

China, ndikufunitsitsa kukaona tchalitchi cha Gergeti ku Stepantsminda ndisanabwerere. Ma marshrutka, maminibasi akuno, onyamukira pa depoti ya Didube mu Tbilisi amatenga maola ngati 3, ndiye kupita nkubwerako tsiku lomwelo zimatheka kapena bola kukagona komweko?