Kodi Jim Butterfield anatchuka bwanji pa nkhani ya makompyuta a m'nyumba?

Wophunzira wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndikuwerenga mbiri ya makompyuta a Commodore ndipo dzina la Jim Butterfield likungobwerabwera. Kodi munthu ameneyu ankagwira ntchito ku kampaniyo, kapena anatchuka ndi chiyani?

Mphunzitsi wopuma:
Mwafunsa bwino. Bambo ameneyu anali wa ku Canada, anabadwa mu 1936 ndipo anamwalira mu 2007. Kutchuka kwake kunabwera chifukwa cha zolemba zake. Anayamba mu 1976 ndi KIM-1, kakompyuta kopanda chikuto komwe kanali ndi memory ya 1 KB yokha, mabatani ochepa, ndi kowonetsera manambala asanu ndi limodzi basi. Kenaka analemba kwa zaka zambiri m'magazini a Compute! ndi The Transactor, akufotokoza mmene purosesa ya 6502, yomwe inali ngati ubongo wa KIM-1 ndi kompyuta ya Commodore yotchedwa PET, imagwirira ntchito m'mawu oti ngakhale woyamba kumene amve.

Mlongo wa ku Toronto:
Ndiwonjezereko pang'ono. Nthawi imeneyo kunalibe intaneti yoti munthu akoperepo pulogalamu, choncho owerenga ankatsegula magazini pambali pa kompyuta n'kumataipa mzere uliwonse pamanja, ndipo kulakwitsa nambala imodzi kunkachititsa kuti ntchito ya usiku wonse ikanike. Iye ankathandizanso gulu la kuno la ogwiritsa ntchito makompyuta a PET lotchedwa Toronto PET Users Group, ndipo pulogalamu yake ya Supermon inkathandiza anthu kuona ndi kusintha zomwe zili mu memory ya makinawo. Ine ndimaona kuti luso lake lalikulu linali kuphunzitsa, kuposa mapulogalamuwo.

Wophunzira wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kufufuza za Supermon.