Mn²⁺ ndi Mn+2 zikusiyana pati?

wafomu4:
Anzanga ndithandizeni, pa test ya Chemistry ndinalemba ion ya manganese ngati Mn+2 aphunzitsi andithetha akuti ndizilemba Mn²⁺, nanga si chimodzimodzi? China, buku lina likuti potassium permanganate lina potassium manganate(VII), VII ameneyu akuchokera kuti poti mu KMnO₄ manganese alimo mmodzi yekha? MSCE yayandikira mutu wangoima.

chokochatha:
Aphunzitsi ako sanalakwe aise. Ukamalemba charge ya ion nambala imayamba sign pambuyo, Mn²⁺, Fe³⁺, SO₄²⁻, ndipo charge ikakhala 1 nambalayo sitilemba, timangoti K⁺. Oxidation state, nambala ya ma electron omwe timati atom yataya kapena yalandira, ndi yomwe imayamba ndi sign, +2, +7. VII uja sakuwerenga ma atom ayi, ndi oxidation state ya manganese. Werengera wekha, KMnO₄ ndi K⁺ ndi MnO₄⁻, mu MnO₄⁻ oxygen aliyense ndi -2, alipo 4 ndiye -8, koma ion yonse ndi -1, ndiye Mn akhale chani kuti zikwane? +7 basi. Permanganate ndi dzina lakale chabe, mankhwala ndi omwewo.

mayi_awiri:
Ine kusukulu mitundu ndi imene inandipulumutsa kkkk. Manganese(II) sulphate ndi manganese(II) chloride ndi pinki wotuwa, ukasungunula m'madzi pinkiyo mwina osamuona n'komwe. KMnO₄ ndi pepo wa nkhani, ndi PP yemwe uja amapereka kuchipatala wotsukira zilonda, kambewu kamodzi beseni lonse lasanduka pepo, ndipo mwana wanga atadwala zilonda m'miyendo zikhadabo zanga zinada bulawuni sabata yathunthu, bulawuni ameneyo ndi MnO₂. Mu lab ukathira acid kenako Fe²⁺ (ion ya iron) pepo uja amazimiririka chifukwa Mn watsika kuchoka pa +7 kufika pa +2, funso limeneli amalikonda, uligwire.

zabatire:
Ungosamala, MnO₂ si salt ngati sulphate ndi chloride aja, ndi oxide, manganese(IV) oxide. Ufa wakuda uja timaupeza tikaswa batire la tochi ndi umenewo wosakaniza ndi carbon, ndi womwenso amathira mu hydrogen peroxide ngati catalyst kuti oxygen atuluke msanga. Komanso Mn si Mg chonde, manganese ndi nambala 25 magnesium 12, ine ndinataya malikisi aulere chifukwa cha chilembo chimodzi chomwecho. Nambala ya pansi ndi ma atom, ya pamwamba ndi charge, pa foni zikavuta uzilemba SO4^2- osati SO42- anthu angaganize kuti oxygen alipo 42.

wafomu4:
Zikomo akuluakulu, kwayera tsopano. Ndayesa MnO₄²⁻, -8 koma ion ndi -2 ndiye Mn ndi +6, manganate(VI), eti?

chokochatha:
Wakhoza. Ameneyo ndi wagirini. Tayesa MnCO₃ tione.