Chithunzi cha banja la Bellelli: bwanji aliyense ali ndwii?

Wophunzira_penti:
Abale tandithandizeni. Ndikunena chithunzi chija cha Edgar Degas cha banja la Bellelli, chili ku Musée d'Orsay, nyumba yosungira zojambula ya ku Paris. Anthu akuti Degas ndi wa kajambulidwe kotchedwa Impressionism koma ine ndimadziwa kuti Impressionism ndi zija za wojambula Claude Monet, mitundu yowala burashi yongogundagunda, pomwe apa zonse zasalala bwinobwino. Komanso banja lolemera chonchi, bambo ndi baron (udindo wa anthu olemekezeka ku Ulaya), bwanji palibe ndi mmodzi yemwe akumwetulira?

Nachisale_zojambula:
Achimwene, amenewotu si makasitomala ayi, ndi abale ake. Mayi avala zakudawo ndi azakhali ake enieni, a Laure, alongo awo a bambo ake a Degas. Anali akulira bambo awo a Hilaire Degas omwe anamwalira mu 1858, ndipo mukayang'anitsitsa pakhoma pafupi ndi mutu wawo pali kachithunzi ka malemuwo. Amuna awo a Gennaro Bellelli anachita kuthamangitsidwa ku Naples pa nkhani za ndale nde banja lonse limakhala ku Florence, mzinda wina wa ku Italy komweko, ndipo ukwatiwo sumayenda bwino olo pang'ono. Taonani m'mene anawakhazikira, mayi aima njo ndi ana awiri, Giovanna ndi Giulia, bambo ali kwaokha pampando atipatsa msana. Wojambula wolipidwa sakanayerekeza kuonetsa zimenezi, koma uyu ankagona m'nyumba momwemo, amadziwa zonse.

Mkulu_waburashi:
Za Impressionism zo mwaona bwino. Degas anachiyamba chithunzichi mu 1858 ali mnyamata, pomwe chionetsero choyamba cha gulu la ojambula a Impressionism chinachitika mu 1874, ndiye ichi n'chakale kuposa dzinalo. Ndi chachikulu zedi, mamita 2 m'mwamba ndi 2.5 m'mbali, ndipo sanachigulitse mpaka anamwalira mu 1917. Mukafuna Degas wa nthawi ya Impressionism akujambula olemekezeka fufuzani chithunzi chake chotchedwa Place de la Concorde cha 1875, muli Vicomte Lepic ndi ana ake aakazi, aliyense akuyang'ana kwake, miyendo yaduka ndi m'mphepete mwa chinsalu.

Wophunzira_penti:
Zikomo amayi ndi akulu, ndamva tsopano. Koma kagalu kali pansi kumanja kaja bwanji kalibe mutu? Kapena foto yanga ndiyoduka?

Mkulu_waburashi:
Kkkk foto yanu ilibe vuto, anajambula dala choncho, galuyo akutuluka. Nayenso zam'nyumbamo zamukwana.