Mayi anagona m'chipatala, koma Medicare ikuti sanagonekedwe

Nachisale, Indiana:
Abale, mayi anga a zaka 72 anakhala m'chipatala usiku utatu atagwa m'bafa, koma Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la America yothandiza okalamba, yakana kuwalipirira ku malo osamalirako odwala kumene akuphunziranso kuyenda, ati chifukwa anali pa observation status, kutanthauza kuti ankangoyang'aniridwa. Kodi zimenezi zikutheka bwanji, pamene anali pa bedi ndipo madokotala ankawaona tsiku lililonse?

Bambo Phiri:
Pepani kwambiri, Nachisale. Wodwala wa observation amawerengedwa ngati wongobwera kudzapimidwa, choncho chithandizo chake chimalipiridwa ndi Part B, gawo la Medicare la odwala osagonekedwa, ndipo iye mwini amapereka 20 peresenti ya mtengo. Medicare imalipira malo osamalirako odwala pokhapokha munthu atagonekedwa mwalamulo masiku atatu otsatizana, osawerengera tsiku lotuluka, ndipo masiku a observation salowa m'chiwerengerocho.

Mayi Nambewe:
Kuyambira mu 2017, chipatala chiyenera kupereka chikalata chotchedwa MOON kwa wodwala amene wakhala pa observation kupitirira maola 24, chomudziwitsa kuti sanagonekedwe mwalamulo. Fufuzani m'mapepala a mayi, chifukwa ngati poyamba anagonekedwa kenako chipatala n'kuwasintha kukhala a observation, kuyambira mu 2025 muli ndi ufulu wochita apilo.

Nachisale:
Zikomo kwambiri. Chikalatacho ndachipeza, ndipo mawa ndikafunsa ngati anawasintha.