Kagalu kanga kasintha khalidwe chichokereni mng'ono wanga, ndithandizeni nzeru

Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaweta agalu. Tili ku Kabwata mu Lusaka ndipo tili ndi kagalu kakakazi ka miyezi 5, mayi wake ndi German Shepherd. Katemera wa parvo (matenda osanza ndi kutsegula m'mimba a tiagalu) kanamaliza, wa chiwewe kanabayidwa kali ndi miyezi 3, mankhwala a njoka za m'mimba kanamwanso.

Mng'ono wanga amene ankaswera nako pakhomo wabwerera ku Chipata, ana atsegulira sukulu, ine kuntchito andisinthira nthawi moti masiku ena ndimalowa usiku. Chichitikireni zimenezi kagalu si kaja ayi. Chakudya kamangonunkhiza n'kukagona kunsi kwa tebulo, chibwano chili pa miyendo, maso okha ndiwo akukutsata. Tikachoka, aneba akuti kamalira mpaka kusasa mawu. Katatuna chitseko cha kukhitchini cha m'munsimu, kayambanso kukodza m'nyumba, zimene kanasiya kalekale. Koma Lamlungu tikakhalapo tonse kamadya n'kumasewera bwinobwino.

Bambo a kunyumba akuti ndi mwano, tikamange pa tcheni kuseri kuti kaphunzire. Ine mtima ukukana, kagaluka ndimakakonda ndipo kakundimvetsa chisoni. Ntchito sindingasiye. Nditani?

Bambo wina wa ku Chelstone:
Amayi, musanaganize za khalidwe yambani mwaona thupi. Kwezani mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu, thupi n'kumatentha, amenewo angakhale matenda a nkhupakupa ndipo sachedwa kupha kagalu. Nyengo ya mvula ino nkhupakupa zachuluka, funani m'makutu ndi pakati pa zala. Zikatero thamangani kwa dokotala wa ziweto, ku yunivesite ya Zambia (UNZA) pa Great East Road kuli chipatala cha ziweto. Komanso pa msinkhu umenewo mano aukhanda amakhala akuguluka, ena akumera, n'chifukwa chake kakutatuna chitseko. Chakudya chouma muzichiviika m'madzi ofunda.

Mayi wina wa ku Chilenje:
Achemwali, poti Lamlungu kamadya, ine ndikuona kuti ndi nkhawa yosiyidwa kokha. Galu sadziwa wotchi, amadziwa kuti chikachitika ichi kenako chimabwera icho. Kanu kanazolowera kuti chitseko chikatseguka m'mawa ndiye panja, kenako mbale, masana pali munthu akupuntha zovala pafupi. Zonsezo zatha tsiku limodzi.

Nthawi yanu ya ntchito isinthe, koma yake isasinthe. Kudya katatu pa tsiku mpaka kakwanitse miyezi 6, pa maola omwewo, kaya akupereka ndinu, bambo kapena ana. Mbale ikhale pansi mphindi 15, kakapanda kudya chotsani, osakanyengerera ndi nyama chifukwa kadzayamba kudikira nyamayo. Kakangodzuka ndiponso kakangodya, katulutseni panja. Za mkodzo musakaimbe mlandu, kagalu ka miyezi 5 sikangaugwire kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maola 5 kapena 6 ndiye malire.

Tsiku limene muli pakhomo kaphunzitseni kutsala. Tengani makiyi ndi chikwama, tulukani pageti mphindi ziwiri, bwererani osachita nako chidwi kwambiri. Mawa lake mphindi zisanu, kumawonjezera pang'onopang'ono. Pogona pake ikanipo chitenje chakale chimene mwavalapo, fungo lanu limakakhazika mtima pansi. Musanachoke kayendetseni ndithu kuti katope, mukasiyire chotatuna.

Ndipo chonde asakamenye. Mukakamenya madzulo pa zimene kanachita m'mawa, sikadziwa chifukwa chake, kamangoyamba kuopa kubwera kwanu.

Mnyamata wina wa ku Matero:
Koma inu mukuchulutsa. Kwathu ku Katete galu amagona panja, amadya mkute, ndipo sitinamvepo za nkhawa. Bambo a kunyumbawo akunena zoona za tchenizo.

Mayi wa ku Chilenje uja:
Achimwene, galu wa kumudzi sakhala yekha. Amatsata anthu kumunda, ana ali pabwalo, agalu anzake ali pomwepo. Kuno timamutsekera mumpanda tonse n'kuchoka. Kugona panja si vuto ngati pali mthunzi, madzi ndi pobisala mvula. Tcheni cha tsiku lonse ndicho chimasandutsa galu kukhala wolusa, ndipo pakhomopo pali ana. Za mkute, nsima ilibe vuto koma payokha siikwanira kagalu kamene kakukula, ndipo ndiwo za anyezi ndi mafupa a nkhuku ophika asakapatse.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Nkhama ndaona, n'zofiirira bwino, ndipo dzino limodzi lakutsogolo lagulukadi. Ndapeza nkhupakupa ziwiri kukhutu, Loweruka ndipita nako kwa dokotala. Agogo a nyumba yoyandikana nafe avomera kumakatulutsa masana ndi kukapatsa chakudya. Bambo ndawawerengera mayankho anu, za tcheni ati tidikire kaye.

Chatsala ndi usiku. Ndikalowa ntchito ya usiku kamayendayenda m'nyumba n'kumalira pakhomo la kuchipinda, makamaka kukamagunda mabingu. Kodi ndikalole kugona kuchipinda kwa ana masiku amenewo okha, kapena kumeneko n'kukasokonezanso?