Kodi ndalama zothandizira pa ngozi ku America zili ndi maziko m'malamulo?

Akuluakulu, makamaka inu amene munaphunzirako malamulo a ku America, ndithandizeni. Ndikulemba ntchito ya kusukulu ndipo ndakakamira panjira.

Kodi boma lalikulu la ku Washington limaitenga kuti mphamvu yogwiritsa ntchito ndalama za misonkho pothandiza anthu amene akhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi? M'malamulo oyendetsera dzikolo mulibe mawu onena za namondwe kapena kusefukira kwa madzi. Ambiri amaloza gawo la malamulowo lotchedwa Article I, Section 8, pomwe pamati Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, ikhoza kutolera misonkho pofuna ubwino wa anthu onse. Alexander Hamilton, mmodzi mwa amene analemba malamulowo, ankati mawuwo ndi otambalala. James Madison, yemwenso analemba nawo malamulowo, ankati ayi, amangokhudza mphamvu zomwe zinatchulidwa kale. Mu 1936, pa mlandu wa United States v. Butler, khoti lalikulu linagwirizana ndi Hamilton.

Koma mbiri yake ndiyo ikundizunguza mutu. Mu 1887 Pulezidenti Grover Cleveland anakana kusaina bilu ya $10,000 yogulira mbewu alimi a ku Texas omwe chilala chinawapsereza, akuti sanapeze chilolezo m'malamulo. Pomwe Madison yemweyo, ali pampando wa upulezidenti mu 1812, anavomereza $50,000 zothandiza anthu a ku Venezuela kutachitika chivomezi. Bambo ameneyu kunena zoona sindikumumvetsa, chifukwa thandizolo linapita mpaka kunja kwa dziko.

Ndiye lamulo lothandizira pa ngozi la Stafford Act la 1988, limene FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imayendera lero, linayamba latsutsidwapo kukhoti pa mfundo imeneyi? Nanga ngati mlandu wa Butler unatseka nkhani, amene akutsutsabe akuima pati kwenikweni?